Za adaputa yolumikizira foni ku wailesi yobwera ndi galimoto

Achimwene, mwati muli ndi Toyota ya 2006 yochokera ku Japan, wailesi ndi yomwe inabwera nayo, ilibe AUX (bowo lolowetsa waya wa mawu wochokera ku foni) ilibe Bluetooth, simukufuna kuisintha, ndipo ka FM transmitter munagula kaja, kotumiza nyimbo za mu foni ku wailesi ngati siteshoni ya FM, kakungoti shiii, nde mukufunsa ngati pali adaputa yoti nyimbo za mu foni zizimveka bwino. Ilipo. Koma musanaitanitse chilichonse yambani mwasolola wailesiyo muone kumbuyo kwake, chifukwa chithunzi cha kutsogolo mwaponyachi sichingatiuze soketi yomwe ili kuseriko, ndipo ambiri amagula adaputa yolakwika pa chifukwa chomwechi.

Ka transmitter kaja musakade kwambiri, vuto lina ndi wailesi yanuyo. Mawailesi opangidwira msika wa ku Japan FM yake imayambira pa 76 kukalekeza pa 90 MHz, atsopanowa ndi omwe amafikako 95, pomwe ma transmitter ambiri amayambira pa 87.5 mpaka 108, nde muone kuti pokumana pawo ndi pakati pa 87.5 ndi 90 basi, kamalo kochepetsetsa, pakangopezeka siteshoni yamphamvu pomwepo ka transmitter kanu kamamira. Ndipo ngati mwini wake woyamba anaikitsa band expander, kachipangizo kosuntha mafrikwensi kuti wailesi izigwira masiteshoni opitirira 90, nambala yomwe ikuoneka pa wailesi siigwirizana ndi ya pa transmitter, mungathe kusaka tsiku lonse. Ngakhale mutapeza pabwino, FM imadula mawu pa 15 kHz, nde nyimbo zimamveka zobisika pang'ono, ukangolowa dera lina phokoso layambanso.

Njira yomwe ine ndingakuuzeni ndi ya soketi ya CD changer. Mawailesi ambiri a zaka zimenezo anapangidwa moti munthu atha kuonjezera kabokosi kolowa ma CD 6 kapena kuposa apo, kamene kamakhala pansi pa mpando kapena ku buti, nde kumbuyo kwa wailesi anasiyako soketi yake, nthawi zambiri imangokhala yopanda kanthu. Adaputa tikunenayi imalowa mmenemo n'kumanamiza wailesi kuti yalumikizidwa ku CD changer, wailesi imavomera, koma mawu omwe ikulandira akuchokera mu foni mwanu kudzera pa Bluetooth kapena waya wa AUX, zina zimakhalanso ndi polowetsa flash. Mawu akuyenda pa waya mpaka mkati mwa wailesi, palibe za mphepo, nde amamveka pafupifupi ngati CD yeniyeni. Mayina omwe mukumane nawo mukamasaka ndi monga Yatour, GROM ndi Dension, palinso zambirimbiri zopanda dzina.

Poyamba onani mabatani. Ngati pali lolembedwa DISC, kapena CD/AUX, kapena batani la CD likuoneka kuti lili ndi ntchito ziwiri, mwayi ulipo. Kenako soketi. Pa Toyota zilipo zamitundu iwiri zodziwika, yakale ya mapini 5+7, kutanthauza mzere wina 5 wina 7, ndi ina yocheperako ya 6+6 yomwe inafala chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Zonse zili ndi mapini 12 koma sizilowana, nde wogulitsa akangoti "ya Toyota, 12 pin" mufunseni kuti iti. Kwa ena omwe mukuwerenga muli ndi magalimoto ena, Honda ili ndi zake zomwe amazitcha 2.3 ndi 2.4, VW ndi Audi ndi 8 pin kapena 12 pin ya pa Quadlock, ndipo BMW, Benz ndi Audi zina zimayendetsa mawu pa fibre ya MOST, waya woyenda kuwala osati magetsi, zimenezo adaputa yake ndi ina kotheratu, musayese kudula waya wake. Mukapeza kuti mu soketimo mwalowa kale pulagi ina, mwina ya navigation kapena ya changer yeniyeni, musaizule n'kuitaya, pamafunika Y cable, waya wogawa soketiyo pawiri, kuti zonse zikwane, ngakhale changer yeniyeniyo nthawi zambiri imayenera kupuma chifukwa ma changer awiri wailesi siingawamvere limodzi. Jambulani soketiyo ndi kapepala komatidwa pamwamba pa wailesi kokhala ndi nambala ya model, muponye muno tithandizane kuwerenga mapini.

Tsopano nkhani ya batire, apa ndiye mumvetsere. Aliyense akuuzani kuti chotsani waya wa negative musanayambe, ndipo ndi zoona, kumateteza shoti. Koma mawailesi a sikirini a ku Japan, aja ma model ake amayamba ndi NSZT, NSCP, NHDT kapena NDDN, ena akangoduka moto amadzuka akufuna map disc kapena SD card yake, ena amafuna password, sikirini yonse ili mu Chijapani, ndipo ngati khadiyo kapena disikiyo mulibe wailesi yagona basi mpaka mutaipeza. Honda, VW ndi Ford zambiri nazo zimafuna code. Nde fufuzani kaye kuti yanu ndi yamtundu uti. Ngati ndi yoteroyo ndipo mulibe khadi, musachotse batire komanso musazule pulagi yaikulu ya moto kumbuyo kwa wailesi, zimitsani galimoto, chotsani kiyi, musolole wailesi pang'onopang'ono mawaya ake ali chilumikizire, mpata wolowetsa dzanja umapezeka. Ngati ndi wailesi wamba ya mabatani yopanda code, chotsani negative mudikire masekondi 90 musanagwire chilichonse.

Kusolola kwake sikovuta koma kumafuna kudekha. Pulasitiki yozungulira wailesi imagwira ndi timakilipu, pa galimoto ya zaka zimenezi yauma ndi dzuwa nde imathyoka msanga, gwiritsani ntchito totsegulira ta pulasitiki, ngati mulibe kulungani sikuludiraiva yafulati ndi tepi, muyambire kumunsi kapena pakona, muzikoka molunjika kwa inu osati mopotokola. Pulasitikiyo ikatuluka mupeza mabawuti nthawi zambiri anayi, pa Toyota amakonda kukhala a 10 mm, musawamasule ndi sikuludiraiva ya nyenyezi ngati alimba, mitu yake imadyeka, tengani soketi sipanala. Gwirani bawuti bwino pomaliza, ikagwera mkati mwa dashibodi muzidzaimva ikulira ngwe ngwe pa bampu iliyonse. Yalani thaulo pa giya ndi pansi pa wailesi, chitsulo chake n'chakuthwa chimakala pulasitiki, ndipo ngati galimoto ndi ya automatic pena giya imatchinga, kokani handibuleki kaye musanaisunthe. Pulagi iliyonse yachikasu ndi ya airbag, isiyeni. Komanso ngati pa pulasitiki mwachotsayo pali kanyali ka airbag, musayatse kiyi pulagi yake ili yozula, nyali ya airbag itha kuyaka osazimanso mpaka makina a diagnosis.

Lowetsani pulagi ya adaputa mpaka imveke kuti tswa. Zambiri zimatenga moto mu soketi momwemo nde palibe chodula. Zina zimabwera ndi waya wakuda wa earth, umangireni pa bawuti ya chitsulo cha wailesi. Ikakhala yofuna moto wapadera, mulumikize ku ACC, waya yemwe amakhala ndi 12V pokhapokha kiyi akayatsidwa, ndipo musadalire mitundu ija ya wofiira ACC wachikasu batire, imeneyo ndi ya mawailesi ogula padera, mawaya a fakitale ali ndi mitundu yawo, yezani ndi multimeter. Mukailumikiza ku waya wa moto wosazima, adaputa izikhala maso usiku wonse, batire likudyeka pang'onopang'ono, komanso foni izilumikizika yokha muli m'nyumba anthu akuimba inu osamva.

Musabwezeretse wailesi m'malo mwake musanayese, bwezerani waya wa negative ndi pulagi ya kanyali ka airbag basi ngati munazichotsa. Yatsani kiyi, dinani DISC, pena mpaka kawiri ngati muli CD mkati, wailesi ionetsa ngati CD 1 ndi nambala ya track, musayembekezere dzina la nyimbo, zambiri sizionetsa. Lumikizani Bluetooth, yesani nyimbo, yesani kuimbira munthu, yesani mabatani a pa chiwongolero ngati alipo. Kenako lizani injini mupondeko mafuta foni ili pa chaja. Mukamva kaphokoso kakuti wiii kokwera ndi kutsika motsatira injini, imeneyo ndi ground loop, phokoso la magetsi lobwera chifukwa cha kusiyana kwa ma earth, imakonda kubwera mukamachaja foni uku mukugwiritsa ntchito waya wa AUX, mankhwala ake ndi ka ground loop isolator pa waya wa AUX, kapena kusamutsa earth, kapena kungosintha chaja chifukwa machaja ena ndi aphokoso. Voliyumu ya foni ikhale pamwamba koma isafike kumapeto, yotsalayo muzikwezera pa wailesi.

Ka maiki ka foni anthu amangokasiya kuseri kwa dashibodi kenako n'kumadandaula kuti sakumveka. Katulutseni, kaikeni pamwamba pa chiwongolero pafupi ndi mawotchi kapena kufupi ndi galasi loonera kumbuyo, kutali ndi potulukira mphepo ya AC, ndipo ngati waya mukudutsitsa pa nsanamira ya galasi lakutsogolo polembedwa SRS, chizindikiro choti muli airbag, adutse kuseri kwa airbag osati kutsogolo kwake. Kabokosi ka adaputa kakulungeni ndi siponji kapena kamangeni ndi cable tie, ngati kali ndi USB kaikeni mu glove box poti mutha kufikira.

Mukapeza kuti soketi ya changer kulibe, zatsala ziwiri. Ngati wailesi ili ndi kaseti, adaputa ya kaseti imaposa transmitter kutalitali ngakhale imaoneka yachikale, zilipo mpaka za Bluetooth, kungoti foni zambiri masiku ano zilibe bowo la mahedifoni, iPhone inalichotsa mu 2016, nde ya waya ifunika ka dongle, kolowa pochajira foni n'kukupatsani bowo la mahedifoni. Apo ayi pali FM modulator ya waya, yomwe imalowa pakati pa eriyo ndi wailesi n'kumadula masiteshoni mukaiyatsa, koma muonetsetse kuti mafrikwensi ake ali pansi pa 90. Ndipo wina akakuuzani za ka wireless CarPlay adapter, kameneko musagule, kamagwira pa galimoto yomwe ili kale ndi CarPlay kapena Android Auto ya waya, zomwe zimaonetsa za mu foni pa sikirini ya galimoto, ndipo CarPlay inabwera mu 2014, Android Auto mu 2015, wailesi ya 2006 siingakadziwe.