Funsani Anti: Ndili pa kiyosiki ya Mpamba, ndingalowe bwanji utela ku banki?

FUNSO

Anti moni. Ndine mtsikana wa zaka 22, ndimakhala ku Chilomoni. MSCE ndinalemba 2021, Masamu ndi Chingerezi ndinakhoza bwino koma ku yunivesite sananditenge, nde kuyambira pamenepo ndimakhala mu kiyosiki ya achimwene anga ya Airtel Money ndi Mpamba. Mtima wanga uli pa utela ku banki. Ena akuti popanda digiri ndingoiwala, ena akuti bola kudziwana ndi munthu wa mkati, ndiye pali bambo wina akuti ndimupatse K150,000 andilowetsa. Ndiyambire pati?

Mtsikana wa ku Chilomoni

YANKHO

Chemwali, tiyambe ndi bambo uyo. Musamupatse olo K500. Ntchito za ku banki zimalengezedwa m'nyuzipepala ndi pa webusaiti ya bankiyo, mumalemba kalata, akakuitanani mumakalemba mayeso kenako intavyu, palibe polipira. Achinyamata ambiri alira chonchi, munthu walandira ndalama mawa lake foni sikupezekanso. Ndalama imeneyo ngati ilipo isungeni, ikhale poyambira fizi.

Za digiri zija sakunama kwenikweni, masiku ano mabanki ambiri akalengeza za utela amafuna dipuloma kapena digiri chifukwa ofunsira ndi ambirimbiri ndipo pepala ndi limene amasefera anthu. Koma khomo si limodzi. Ku Blantyre komweko kuli Institute of Bankers in Malawi, anthu amangoti IOB, kumene mumayamba ndi satifiketi ya za mabanki, kenako dipuloma, kenako advanced diploma, ndipo ambiri amaphunzira uku akugwira ntchito. Pitani nokha ku ofesi yawo ndi satifiketi yanu ya MSCE mukamve fizi ya chaka chino ndi nthawi yolembetsa, osamvera kwa anthu a pa WhatsApp. Njira ina ndi ya akaunti, kuwerenga mapepala a ICAM, bungwe la ma akauntanti m'Malawi muno, kudzera ku Malawi College of Accountancy. Ine kwa munthu amene mtima uli pa kauntala ngati inu ndinganene IOB, chifukwa zimene mukawerenge kumeneko ndi zimene mukakumane nazo pa windo tsiku ndi tsiku.

Tsono chimene chandikhudza m'kalata yanu nchoti kiyosiki ija mwaitchula ngati malo ongodikirirapo. Ayi chemwali. Inu tsiku lililonse mumalandira kashi, mumayang'anira float, madzulo mumafananitsa za mufoni ndi za m'kabati ndi za m'kabuku, mumakumana ndi kasitomala wokwiya woti watumiza ndalama pa nambala yolakwika ndipo akufuna inuyo muibweze pompo pompo. Umenewo ndi theka la utela. Pa CV musalembe kuti "ndimathandiza achimwene", lembani zaka zimene mwagwira, kuchuluka kwa anthu amene mumawathandiza pa tsiku, ndi kuti mumabalansa nokha.

Kubalansa ndiye mtima wa ntchitoyi. Banki ikatseka zitseko anthu amaganiza kuti matela aweruka, pomwe ndi pamene thukuta limayamba, ndalama za m'kabati mwanu ziyenera kufanana ndendende ndi zimene kompyuta ikunena, ndipo simuchoka mpaka zitagwirizana. Ine chaka changa choyamba pa kauntala, tsiku lina la kumapeto kwa mwezi mzere utafika panja, bambo wina wa golosale anabweretsa bandulo ya ma K2,000 yomangidwa bwinobwino ndi labala. Ndinaiponya mu makina, makina anati mapepala 100, ine ndinalemba K200,000 ndikudinda siliipi. Madzulo shoteji K15,000. Tinamasula bandulo iliyonse ndi a supavaiza mpaka tinapeza ma K500 khumi atabisala pakati, paja K500 ndi K2,000 zonse zili ndi nkhope ya John Chilembwe, ndipo makina athu aja ankangowerenga mapepala osaona kuti ndi a zingati. Anandidula pa salale, koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi lipoti lija ndinalemba ndi dzanja langa likunjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo bandulo iliyonse ndimaipyaza ndi chala ndikuyang'ana mtundu wa pepala lililonse, mzere utalike bwanji. Yambani chizolowezi chimenechi mawa lomwe pa kiyosiki.

China choti mudziwe ndi KYC, kutanthauza kumudziwa kasitomala wanu. Chibwerereni chitupa cha unzika mu 2017, ndi chimene mabanki amayang'ana kwambiri potsegula akaunti, ndipo chaka chomwecho kunabwera lamulo la Financial Crimes Act, ndiye tela akaona ndalama zokayikitsa sangotseka maso, amauza akuluakulu ake ndipo nkhani imatha kukafika ku Financial Intelligence Authority, bungwe la boma lounika ndalama zokayikitsa. Pa intavyu amakonda kufunsa zoterezi, mwina kuti malume anu enieni abwera opanda ID akufuna kutapa ndalama, mutani? Yankho ndi kuwakana mwaulemu basi. Dziwaninso kuti amene amayang'anira mabanki onse ndi Reserve Bank of Malawi, komanso musakalowe intavyu ya National Bank musakudziwa Mo626, banki yawo ya pafoni, kapena ya NBS musakudziwa Bank Pafupi, ma ejenti awo a m'madera. Excel ndi kutaipa manambala mwachangu phunzirani, olo pa laputopu yobwereka.

Chichewa chanunso musachione mopepuka. Agogo akabwera kudzatenga penshoni, osadziwa kulemba, akusaina ndi chala, amafuna munthu wowafotokozera pang'onopang'ono kuti ndalama zatsala zingati ndipo adula zingati, mwakachetechete osati mzere onse umve. Ngati mumathanso Chiyao kapena Chitumbuka lembani pa CV, nthambi za ku Mangochi ndi Mzuzu zimafuna anthu.

Dzina lanu lisamalireni kuyambira panopa. Asanakulembeni amafufuza mbiri yanu, kupolisi ngakhalenso ku credit reference bureau, kumene amasunga mbiri ya ngongole za anthu, nde ngongole zosabweza ndi za katapila zitalikireni, munthu wopanikizika ndi ngongole pa kabati ya ndalama amamuopa.

Pomaliza, musadikire utela okha. Mabanki amalembanso achinyamata a kontrakiti oyenda m'misika kutsegulitsa anthu maakaunti, malipiro ake ambiri ndi komishoni ndipo dzuwa limawomba zedi, koma ndaona angapo atalowera pamenepo nkukhala pa kauntala IOB ili mkati. Komanso afunseni achimwene anuwo ngati kiyosiki ija singakhale ejenti wa banki, ngati Banki Pakhomo ya FDH, kuti dzina lanu liyambe kudziwika ku nthambi. Mukakalembetsa mundilemberenso, tidzakambirane za mayeso a aptitude aja.