Ngati Allah ndiye anatisankha, tikugawikiranji?

Funso: A Shehe, ndimamva kuti Allah ndiye amasankha okhulupirira. Kodi chiphunzitso chimenechi sichichititsa ena kudzikuza n'kumanyoza anzawo, monga momwe magulu a Asilamu a Kadiriya ndi a Sukuti akhala akukanganira pa nkhani ya sikiri (kutchula dzina la Allah mokweza ndi mobwerezabwereza) pamaliro? Wowerenga, Mangochi.

Yankho: M'bale wanga, Qur'an pa Surat Al-Hajj, ndime 78, imanena kuti Allah ndiye anakusankhani, nakuikani pa chipembedzo cha tate wanu Ibrahim, ndipo Iye ndiye anakutchani Asilamu. Mawuwa akulankhula kwa gulu lonse, osati kwa mzikiti umodzi kapena mtundu umodzi, ndipo munthu amene walandira chinthu mwachifundo alibe poyambira kudzitama.

Taganizirani za Madina. Mafuko a Aws ndi Khazraj anakhala zaka zambiri akuphana, koma Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, atasamukira kumeneko mu 622, adaniwo anayamba kuswali (kupemphera) pamzere umodzi, ndipo analandira anzawo othawa ku Makka ngati abale a bere limodzi. Surat Al-Imran, ndime 103, imawakumbutsa kuti anali adani, Allah ndiye analunzanitsa mitima yawo. Pakati pawo panalinso Bilal, yemwe anali kapolo wochokera ku mtundu wa Abyssinia (dera la Ethiopia), ndi Salman wa ku Persia.

Pa nkhani ya sikiri, kusiyana maganizo n'kololedwa ndipo ophunzira azikambirana ndi maumboni, koma kukana kuswali kumbuyo kwa mnzanu amene amanena shahada yomweyo (umboni wakuti palibe mulungu wina koma Allah, ndipo Muhammad ndi Mtumiki wake) ndikuona kuti n'kupyola malire.