Yankho kwa Azakhali pa nkhani ya kochi wa asuweni

Azakhali, mwaswera bwanji uko? Uthenga wanu ndaumva. Mukufunsa za munthu uja asuweni akufuna kumulipira, amene akudzitcha divorce coach pa Facebook (kochi wothandiza munthu amene banja lake likutha), kuti ntchito yake ndi yotani, komanso ngati si iyeyo amene akuwasokoneza mutu kuti banja lithe. Ndiyankhira pagulu pompano poti asuweni ndi amene anaibweretsa okha nkhaniyi muno, ndipo amalume nawonso anafunsa zomwezi.

Ayi, kochi sathetsa banja, Azakhali. Lothetsa banja ndi khoti. Komanso si loya, si dokotala wa maganizo, si nkhoswe. Ntchitoyi yafala ku America ndi ku UK, kumene loya amalipiritsa pa ola, ndiye anthu anaona kuti kukakhala mu ofesi ya loya ola lathunthu ukungolira n'kutaya ndalama. Kochi ali ngati gadiyani kuchipatala. Sapereka mankhwala, koma amasunga kabuku, amakumbukira zimene adokotala anena, amakukumbutsa nthawi pamene iwe mutu suli kugwira.

Ndipo mutu sugwiradi nthawi ngati imeneyi. Munthu sagona, sakudya, foni ikangolira mtima phaa. Apa ndi pamene anthu amasainira zinthu osawerenga, kapena amatuluka m'nyumba ndi chikwama chimodzi n'kunena kuti zonse atenge, ine ndatopa. Ikatha miyezi ingapo, lendi ikufunika, fizi ikufunika, ndiye kuyamba kudandaula.

Kochi weniweni amayambira pa mapepala. Setifiketi ya ukwati ili kuti? Mapepala a puloti ija ya ku Area 25 ali m'dzina la ndani? Galimoto? Ngongole ya ku banki m'khonde anatenga ndani, inagwira ntchito yanji? Malisiti a simenti ndi malata, ngakhale mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba osonyeza kuti ndalama zolipira amisiri zinkachokera kwa asuweni, zonsezo zisungidwe, azijambule pa foni n'kutumiza kwa munthu wodalirika. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko limanena kuti banja likatha mayi ali ndi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa onse awiri, komanso kulandira chithandizo. Koma khoti silinalipo pamene maziko ankakumbidwa. Limadalira zimene mwalionetsa.

Chinanso, paja ena amati, aaa, awo sanadalitse ku tchalitchi, anangochita chinkhoswe, sangapeze kanthu. Sizoona. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa DC, wa chinkhoswe, wa kuchipembedzo, ngakhalenso wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali ngati banja, khoti likaunika.

Pa za ana ndi pamene ine ndimaona phindu lenileni. Kochi amathandiza munthu kulemba ndondomeko: ana azigona kuti masiku a sukulu, holide apita kwa ndani, fizi ndi yunifolomu alipira ndani, mwana akadwala usiku aimbira ndani. Amaphunzitsanso kalembedwe ka meseji kwa bambo a anawo, yaifupi, ya nkhani ya mwana basi, yopanda kukumba zakale. Zimaoneka zazing'ono, koma meseji imodzi yolembedwa ndi mkwiyo pakati pa usiku imatha kukawerengedwa pamaso pa majisitireti. Ndipo ana asamatumidwe kuti kawauze abambo ako zakuti zakuti, chonde, zimenezo zimawapweteka ana kuposa kupatukanako. Kusamala ana ndi udindo wa makolo onse awiri, lamulo la ana la 2010 likutero, banja lithe kaya lisathe.

Ankhoswe asadumphidwe ayi, amalume musadandaule. Ntchito yawo ndi ina, kuyesa kulumikiza, ndipo pa ukwati wa chinkhoswe khoti kawirikawiri limafuna kumvanso kwa iwo. Kungoti nkhoswe imakhala ndi mbali yake, komanso mawu ake timawadziwa, pirirani mwanangu, banja ndi kupirira. Nthawi zina n'zoona. Koma ngati pali kumenyedwa kapena kuopsezedwa, pamenepo si pa kochi, si pa nkhoswe. Apite ku Victim Support Unit ku polisi, ndipo khoti limatha kupereka chiletso choteteza munthu, malinga ndi lamulo la nkhanza za m'banja la 2006.

Tsono za kulipira. Ine pano sindingathamangire. Loya amakhala ndi layisensi, pali Malawi Law Society yomuyang'anira, akalakwitsa pali kokadandaula. Ukochi aliyense atha kungodzuka n'kudzitcha. Asuweni amufunse munthuyo kuti anaphunzira chiyani, kuti, amalipiritsa bwanji, ndipo zimene amuuza zizisungidwa bwanji. Akayamba kulonjeza kuti nyumba mudzawina, kapena kunena kuti loya safunika, kapena kuwauza kuti asiyeni amuna amenewo mawa lomwe, amuthawe. Wabwino sakusankhira, amakufunsa mafunso mpaka iwe mwini udziwe chimene ukufuna. Ena amapita kwa kochi n'kubwerera kukakonza banja lawo.

Ndalama zikavuta, njira zilipo. Legal Aid Bureau ili ndi ofesi mu Lilongwe muno, imathandiza amene sangakwanitse loya. A Social Welfare nawo amathandiza pa nkhani za ana. Zotsalazo, zosanja mapepala ndi kuwerengera ndalama za pamwezi, tikhoza kuchita ifeyo apachibale, bola akhale munthu wougwira mtima, wosanyoza alamu pamaso pa ana, wosaulutsa nkhani.

Asuweni, ngati mukumva, ndiimbireni panokha madzulo ano, za puloti zija tisakambire pagulu. Azakhali, moni kwa onse kunyumbako.