Kodi ophedwawo ankawasamala ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene akuphunzira sociology, maphunziro a kakhalidwe ka anthu m'magulu, ku yunivesite. Aphunzitsi awo awapatsa ntchito yoti aliyense asankhe chiphunzitso chimodzi chofotokoza khalidwe lopatuka pa malamulo ndi miyambo ya anthu, ndipo achigwiritse ntchito pofotokoza zigawenga zimene zimapha anthu mmodzimmodzi kwa nthawi yaitali, zija pa Chingerezi amati serial killers. Iye akuti wawerenga akatswiri a sociology monga Merton, Sutherland, Hirschi ndi Becker koma palibe amene wamufika pamtima. Funso lake ndi lakuti: kodi munthu wotere si wodwala mutu basi? Nanga sociology ikulowapo pati?

Achemwali, kusakhutira kwanuko musakutaye, chifukwa ndi pamene pali nkhani yanu. Mwaona chinthu chenicheni. Ziphunzitso zambiri zimene mwatchulazi anazipanga poganizira akuba, magulu a anyamata osokoneza m'matauni ndi anthu osuta chamba. Mukamazikakamiza kuti zifotokoze chifukwa chimene munthu mmodzi amasandukira wakupha, zimatsimphina. Koma mukasintha funso n'kufunsa kuti zinatheka bwanji kuti aphe anthu 10, 40 kapena 200 osagwidwa, sociology imayankhula momveka kuposa maphunziro ena aliwonse.

Tiyambe ndi za misala zija. Pa msonkhano umene bungwe la FBI, lofufuza milandu ku America, linachititsa ku San Antonio mu 2005, akatswiri anagwirizana kuti dzinali azipatsa munthu amene wapha anthu awiri kapena kuposerapo pa nthawi zosiyana. Mawu akuti nthawi zosiyana ndi ofunika kwambiri. Munthuyu amapha, n'kubwerera kunyumba, kugona, m'mawa n'kupita kuntchito, kenako pakapita miyezi n'kudzaphanso. Amadziwa kubisa, kusankha malo, kunamiza apolisi. Wamisala weniweni amene sakudziwa chimene akuchita sapita patali chotero. Jeffrey Dahmer wa ku Milwaukee, amene anapha amuna ndi anyamata 17, khoti linamupeza mu 1992 kuti mutu wake unali kugwira pamene ankachita zimenezo. Sindikukana kuti ambiri mwa iwo ali ndi vuto lalikulu mumtima, makamaka kusamva chisoni ndi ululu wa munthu wina. Gawo limenelo tiwasiyire a psychology, akatswiri a za maganizo a munthu. Koma vuto la mumtima silisankha lokha kuti afe ndi ndani, ndipo silitseka maso a apolisi.

Robert Merton, m'nkhani yake ya mu 1938, anati dziko limauza aliyense kuti alemere ndi kutchuka, koma njira zovomerezeka zofikira kumeneko limatsegulira ochepa. Otsekeredwawo ena amapeza njira zachidule. Mfundoyi imafotokoza bwino kuba ndi katangale. Elliott Leyton wa ku Canada anayesa kuikokera ku nkhani yathuyi mu 1986, ponena kuti zigawenga zambiri za ku America ndi amuna amene amadziona kuti anthu apamwamba anawakana, ndiye amabwezera popha anthu a gulu limene ankalisirira. Ted Bundy, amene ankasaka atsikana a ku koleji, akuoneka ngati akugwirizana nazo. Koma ambiri mwa ophedwa m'milandu yotereyi si apamwamba ayi, ndi osauka kuposa wakuphayo. Komanso anthu amene anatsekeredwa mwayi ndi miyandamiyanda, ndipo pafupifupi onse amafa osaphapo munthu.

Edwin Sutherland anati upandu munthu amauphunzira kwa amene amayenda nawo. Pa magulu a mbava, nzoona. Zimagwiranso pang'ono pa anthu opha awiriawiri, monga Ian Brady ndi Myra Hindley amene anapha ana asanu kufupi ndi Manchester pakati pa 1963 ndi 1965. Koma ambiri amachita okha, mobisira ngakhale akazi awo. Palibe gulu lowaphunzitsa.

Travis Hirschi mu 1969 anati chimene chimatiletsa kuchita zoipa ndi zingwe zotimangirira kwa anthu: banja, ntchito, zochita za tsiku ndi tsiku, ndi kukhulupirira malamulo. Zingwezi zikaduka munthu amalowerera. Ndiye taonani Dennis Rader wa ku Wichita, m'chigawo cha Kansas. Anapha anthu 10 pakati pa 1974 ndi 1991. Anali ndi mkazi ndi ana awiri, ankatsogolera ana a Scout, ndipo pamene ankamangidwa mu 2005 anali wapampando wa komiti ya mpingo wake wa Lutheran. Zingwe zonse za Hirschi anali nazo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Kwa iye banja ndi tchalitchi sizinali zomuletsa, zinali chofunda.

Pali chiphunzitso chimodzi chimene simunachitchule koma chikhoza kukuthandizani: cha Gresham Sykes ndi David Matza cha mu 1957. Iwo anati wolakwa amadziwa ndithu kuti akulakwa, koma amapeza mawu ogonekera chikumbumtima, ndipo amodzi mwa mawuwo ndi akuti wovulazidwayo anayenera zimenezo. Peter Sutcliffe, amene anapha akazi 13 kumpoto kwa England pakati pa 1975 ndi 1980, anauza khoti kuti Mulungu anamutuma kupha amayi oyendayenda. Funso la sociology apa ndi lakuti: mawu akuti moyo wa mayi woyendayenda ndi wotchipa anawatenga kuti? Sanawapeke yekha. Anawapeza ali kale m'kamwa mwa anthu.

Apa ndi pamene Howard Becker amalowera, koma polowera khomo lina. Becker mu 1963 anati kupatuka sikukhala m'chochitacho chokha, kumakhala m'dzina limene anthu amamata pa munthu. Ophunzira ambiri amayesa kunena kuti chigawengacho anachitchula woipa chili mwana ndiye chinasanduka choipadi. Izi n'zovuta kutsimikiza, ndipo ena mwa anthuwa ankatchedwa abwino mpaka tsiku logwidwa. Inu tembenuzani galasi. Yang'anani dzina limene linamatidwa pa ophedwa, ndi dzina limene linamatidwa pa wakuphayo.

Pa mlandu wa Sutcliffe, mu 1977 ataphedwa mtsikana wa zaka 16 wogwira ntchito m'sitolo, nyuzipepala ndi apolisi anayamba kuyankhula za munthu "wosalakwa" amene waphedwa, ngati kuti amayi amene anafa poyamba anali ndi mlandu. Apolisi anamufunsa mafunso Sutcliffe kasanu ndi kanayi n'kumamusiya. Akazi ena amene anapulumuka atamenyedwa naye sanamveredwe mokwanira chifukwa sanali oyendayenda, ndipo apolisi anali atatsimikiza kale mtundu wa anthu amene chigawengacho chimasaka. Mu 2020 apolisi a West Yorkshire anapepesa kwa abale a ophedwa chifukwa cha mawu amene akuluakulu awo ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo.

Steven Egger, amene anali wapolisi asanakhale mphunzitsi wa za upandu, anatchula anthu oterewa kuti the less dead, kutanthauza anthu amene imfa yawo imalemera pang'ono pamaso pa dziko chifukwa ali moyo ankaonedwa kale ngati kulibe: amayi oyendayenda, ana othawa kwawo, osowa pokhala, omwa mankhwala ozunguza bongo, okalamba okhala okha, alendo obwera kudzafuna ntchito. Ndipo zigawengazo zimadziwa. Gary Ridgway, amene kwa zaka pafupifupi 30 ankapenta malole pa fakitale ina kufupi ndi Seattle, anavomera mu 2003 kuti anapha akazi 48. M'chikalata chimene chinawerengedwa m'khoti ananena poyera kuti ankasankha amayi oyendayenda chifukwa kunali kosavuta kuwatenga popanda woona, ankadziwa kuti sadzafunidwa msanga kapena sadzafunidwa n'komwe, ndipo ankaganiza kuti akhoza kupha ochuluka momwe angafunire osagwidwa. Ndikawerenga mawu amenewa mtima umandiwawa, chifukwa munthu woipayu anawerenga bwino anthu amene ankakhala nawo. Samuel Little, amene anaulula kuti anapha anthu 93 pakati pa 1970 ndi 2005, anayenda njira yomweyo, ndipo imfa zambiri za akazi amene anawapha zinalembedwa ngati ngozi kapena kumwa mankhwala mopyola muyezo.

Za Dahmer pali usiku umodzi umene muyenera kuudziwa. Mu May 1991 mnyamata wa zaka 14, wa banja lochokera ku Laos, anathawa m'nyumba ya Dahmer ali maliseche, akutuluka magazi, atasokonezeka ndi mankhwala. Atsikana achikuda amene anamuona anaimbira apolisi. Dahmer, mzungu woyankhula mofatsa, anauza apolisiwo kuti mnyamatayo ndi chibwenzi chake cha zaka 19 ndipo waledzera. Apolisi anamvera iye, osati atsikanawo, ndipo anamuperekeza mnyamatayo kubwerera m'nyumbamo. Anaphedwa usiku womwewo. Amuna ena anayi anafanso Dahmer asanagwidwe mu July. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Apa amene anaona nkhondoyo sanali amisala n'komwe, koma khungu lawo ndi dera limene ankakhala zinachititsa kuti mawu awo apepuke.

Chiphunzitso chimene chimamanga zonsezi pamodzi ndi cha Lawrence Cohen ndi Marcus Felson cha mu 1979. Iwo anati kuti upandu uchitike pamafunika zinthu zitatu zikumane: munthu wofuna kuchita choipa, munthu wosavuta kumufikira, ndi kusowa kwa womuteteza. Sadzivutitsa kufufuza za mumtima mwa woipayo. Amati anthu oipa amakhalapo nthawi zonse, chimene chimasintha ndi mpata.

Ngati mukufuna mlandu umodzi woti muukumbe mozama, ine ndingasankhe wa Harold Shipman. Anali dokotala wa mabanja m'tauni ya Hyde kufupi ndi Manchester, wokondedwa chifukwa ankayendera odwala okalamba m'nyumba zawo. Ankawabaya jakisoni wochuluka wa diamorphine, mankhwala amphamvu opha ululu, kenako iye yemweyo n'kulemba chikalata cha imfa. Mu January 2000 khoti linamupeza wolakwa pa imfa 15. Kafukufuku amene anatsogolera Dame Janet Smith anapeza mu 2002 kuti anapha anthu 215, mwa iwo 171 akazi, ndipo pambuyo pake anati chiwerengero chonse chikhoza kufika pafupifupi 250. Merton alibe chonena apa, chifukwa munthuyu anali ndi ntchito yapamwamba. Hirschi nayenso alibe, chifukwa anali ndi banja ndi ulemu. Koma taonani mipata. M'ma 1970 anagwidwapo akulemba makalata abodza otengera mankhwala ena opha ululu a pethidine oti azidzibaya yekha, analipitsidwa chindapusa, n'kupitiriza udokotala. Ambiri mwa ophedwa ake anali okalamba, ndipo nkhalamba ikafa anthu amangoti nthawi yakwana. Mu March 1998 dokotala mnzake, Linda Reynolds, anadandaula kuti odwala a Shipman akufa ochuluka modabwitsa. Apolisi anafufuza mwapatalipatali n'kutseka nkhaniyo mu April, ndipo anthu ena atatu anafa pambuyo pake. Chimene chinamugwiritsa ndi wilo yabodza ya Kathleen Grundy, mayi wa zaka 81 amene anali wodziwika m'tauniyo, yosonyeza kuti chuma chake wasiyira dokotalayo. Mwana wa mayiyo anali loya, ndipo sanalole kuti zipite. Womuteteza anapezeka pa munthu womaliza.

Kufupi ndi kwathu kuno kuli mlandu wa Moses Sithole wa ku South Africa, amene mu 1994 ndi 1995 ankapha akazi ku Atteridgeville, Boksburg ndi Cleveland, madera a ku Pretoria ndi Johannesburg. Mu December 1997 anapezeka wolakwa pa kupha anthu 38 ndi kugwiririra 40, ndipo anagamulidwa zaka 2,410. Nyambo yake inali ntchito. Ankavala bwino, kuyankhula mwaulemu, kunena kuti ali ndi bungwe lothandiza ana ozunzidwa ndipo likufuna antchito. Mkazi wosowa ntchito ankamutsatira masanasana kudutsa patchire poganiza kuti akupita ku ofesi. Ulova sunamupange Sithole kukhala wakupha, koma unamubweretsera anthu amene sakanatha kukana kuitana kwa mlendo. Tonse tili ndi abale amene anapita ku Joni kukasaka maganyu, ena opanda mapepala, amene amaopa ngakhale kufika pa polisi mnzawo akasowa. Mukamalemba za anthu osavuta kuwafikira ndi opanda owateteza, musaganize za ku Seattle kokha.

Tsono pa ntchito yanuyo, langizo langa ndi ili. Tengani Cohen ndi Felson ngati msana wa nkhani, muwonjezere Becker wotembenuzidwa uja kuti afotokoze chifukwa chake anthu ena amasowa owateteza ndipo ena, ngati dokotala, sakayikiridwa. Sankhani mlandu umodzi, osati isanu. Aphunzitsi anu adzakufunsani kuti, nanga bwanji madokotala ena onse amene anali ndi mpata womwewo sanaphe? Musazembe funsolo. Lembani m'ndime yakeyake kuti chiphunzitso chanu sichifotokoza chiyambi cha chilakolako chopha, chimangofotokoza kuchuluka kwa ophedwa ndi mtundu wawo. Malipoti a kafukufuku wa Shipman alipo pa intaneti, ndipo loyamba lija la 2002 limafotokoza imfa iliyonse payokhapayokha, dzina ndi tsiku. Yambirani pamenepo, ndipo mukamaliza kulemba munditumizire ndidzawerenge.