Kodi "wist" ndi "wish" wolakwika posindikiza?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti mwana wawo, powerenga Baibulo lachingerezi la King James, anakumana ndi mawu akuti "Wist ye not" pa Luka 2:49, ndipo akufunsa ngati osindikiza ankafuna kulemba "wish" n'kuphonya chilembo chimodzi.

Ayi mayi, sanaphonye. "Wist" ndi mneni wakale wotanthauza kuti "anadziwa". Tsinde lake ndi "wit", kudziwa. Munthu wofuna kunena kuti "ndikudziwa" ankati "I wot", ndipo akamakamba zapitazo ankati "I wist". Ndiye pa vesi lija Yesu, ali ndi zaka 12, makolo ake atamupeza m'kachisi patapita masiku atatu, akungofunsa kuti: kodi simunadziwe? Za kulakalaka mulibemo.

Baibuloli linatuluka mu 1611, koma omasulira ake anatsamira kwambiri pa ntchito ya William Tyndale, womasulira Baibulo m'Chingerezi amene Chipangano Chatsopano chake chinasindikizidwa mu 1526. N'chifukwa chake Chingerezi chake chinali chachikulire ngakhale pa tsiku limene linatuluka.

Pamene mneniyu amandikomera ine ndi pa Eksodo 34:29. Mose akutsika m'phiri, nkhope ikunyezimira, ndipo lembalo likuti "Moses wist not". Timawu tiwiri tokha, tifupitifupi, tikutha msanga ngati munthu watseka chitseko pang'onopang'ono. Aliyense akuona kuwala, mwini wake yekha ndiye sakudziwa. Muyese kuwerenga mokweza, kenaka muike "did not know" m'malo mwake. Tanthauzo ndi lomwelo, koma kulemera kwachoka. Alakatuli a ku England a m'zaka za m'ma 1800 anazindikira zimenezi, ndipo ankatola "wot" ndi "wist" dala kuti ndakatulo zawo zimveke zamakedzana. Ena ankachita kuthira mopitirira ngati mchere m'ndiwo.

Mneniyu sanafe yense. "Witness", mboni, ndi mdzukulu wake: munthu amene akudziwa chifukwa anaona. Maloya nawonso akadali ndi "to wit" m'zikalata za milandu, kutanthauza "ndiko kuti", asanatchule mbuzi kapena njinga imene yabedwa. M'Chijeremani m'bale wake "wissen" ali moyo ndithu, amamveka pamsika tsiku ndi tsiku.

Mwanayo mumuuze awerenge vesilo molimba mtima, koma asakalembe "I wist not" m'chimangirizo cha mayeso a MSCE. Wochonga adzangozunguliza ndi cholembera chofiira, poganiza kuti mwana wanu amafuna kulemba "wish".