Za laputopu yako yodzadza ija, msuweni

Eee, msuweni, ndamva, ndamva. Ukuti laputopu yadzadza, ndiye mnzako wa kuntchito wakulembera command ya forfiles, lamulo lolemba pa kompyuta losankha mafayilo, yoti ufufute mafayilo onse opitirira chaka. Hmm... Koma iwe ndimakudziwa. Za malo ndi zonamizira izi. Za chiliza cha agogo zayandikira, zithunzi anakusiyira iwe, ndiye ukufuna usese kuti zioneke. Ndanama? Dikira kaye, ndiphule mphika.

Eya, ndabwera. Ukuwakumbukira amalume anga aja, bambo ako aakulu, ndi thiranki lawo la ku Joni? Lobiriwira lija... iai, linali lakuda, lobiriwira linali la azakhali. Tsiku lina m'chilimwe anadzuka ndi mtima woti m'nyumba mwachuluka zinyalala. Anakokera thiranki pansi pa mango, ine ndili pompo ndikukazinga chimanga. Njira yawo inali imodzi basi: pepala likakhala lofiirira, lakale, pamoto. Likakhala loyera, libwerere. Osawerenga ayi, magalasi anali atawasiya ku tchalitchi. Amayi anawafunsa kuti achimwene, mwaona zomwe mukutenthazo? Iwo akuti, "Mlongo, ine ndinatsika mgodi, pepala lingandiphunzitse chiyani?" Hahaha... Mapepala oyera anapulumuka aja anali malisiti a feteleza ndi kalendala. Ofiirira aja ndiye munali a Theba, kampani yolemba anthu ntchito ya ku migodi ija, nambala yawo ya ku mgodi, zonse. Itamveka nkhani yoti anthu a ku migodi akalembetse, anagwedeza thiranki lija katatu ngati muli pansi pena. Kenako anati ndi ana tinaba. Ife! Mpaka lero ukatchula moto pamaso pawo amayamba kufunsa za mvula.

Ndimati chiyani... eya, forfiles. Ukaika /D -365 imasankha fayilo iliyonse imene inasinthidwa komaliza masiku 365 apitawo kapena kale kuposa pamenepo. Siyang'ana kuti m'katimo muli ndani. Zithunzi za agogo za Khirisimasi ya 2019 zija ndi zakale kapena zatsopano? Waona? Ndipo del, command yofufutira ya mu Command Prompt (windo lakuda lolembamo ma command), sidutsa ku Recycle Bin, mwana wa amalume. Chapita chapita. Komanso deti limene Windows imakuonetsa limanama nthawi zina: chithunzi ukachikonza pang'ono n'kusunga, kapena ukachidawunilodanso, chimaoneka ngati cha dzulo.

Ndiye tamvera. Yendera dzina. Zithunzi za pa WhatsApp zochokera pa foni ya Android zimabwera ndi deti m'dzina momwemo, monga IMG-20191225-WA0003.jpg. Chaka, mwezi, tsiku. Aaa, ndikonze: limenelo ndi tsiku limene chithunzi chinafika pa foni, osati limene chinajambulidwa, ndiye zimene anatumiza mochedwa uzazifunenso pa mayina a deti la Januwale wotsatira. Mu Command Prompt, lowa mu foda ya zithunzi ndi cd, command yolowera mu foda, ulembe dir IMG-201912* ... kanyenyezi kaja, Shift ndi 8, kamatanthauza "chilichonse chotsatira". Dir sigwira kanthu, imangokuonetsa mndandanda. Uwerenge ndi maso ako, magalasi usasiye ku tchalitchi. Zikakhala zomwezo, ulembe mkdir chiliza kuti upange foda yatsopano ya chiliza, kenako copy IMG-201912* chiliza kuti zikopedwe m'menemo. Copy, wamva? Osati move, osati del. Za kamera ya foni mayina ake amasiyana, za Samsung zimangoyamba ndi 20191225 popanda IMG, ndiye uyesenso dir 201912*.

Nkhani yonse ndi yomweyo: uone kaye ndi dir, ukope, usafufute kanthu mpaka foda ya chiliza ili pa flash. Malo akavutadi, chotsa mavidiyo a mpira aja, ndikudziwa alimo, usakane.

Ndibwerezenso chifukwa iwe umamva ndi khutu limodzi ngati bambo ako aakulu: dir, copy, flash. Command ya mnzakoyo uyisiye kaye m'thumba.

Ukalemba dir ujambule sikirini unditumizire kumbali, osati mu gulu muno, azakhali angayambe kufunsa za chithunzi cha pa nyanja chija. Ndipo ya simenti ija sunaponyebe, ndakuona.