Akundiloza upampando, koma gulu lagawikana pa ndale

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Malawi wokhala ku Rosettenville, kuno ku Joni. Dzina ndalisunga. Mwachidule anati: "Gulu lathu la maliro lili ndi anthu ochokera zigawo zonse za kumudzi. Chichitikireni zisankho za pa 16 September 2025, pa WhatsApp pamangokhala kutukwanizana. Ena asiya kusonkha. Wapampando watula pansi udindo ndipo anthu akuloza ine. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba, zandale sindizidziwa. Ndivomere kodi? Nanga phindu lake n'chiyani?"

Achemwali, vomerani. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Tsiku lina m'bandakucha, nyengo yozizira ija ya kuno ku Joni, ndinali pabwalo lina ku Turffontein tikukweza bokosi la mnyamata wa kwathu m'ngolo yokokedwa ndi galimoto. Ulendo unali wa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza. Azibambo awiri amene anagwira kumutu kwa bokosi anali atatha mwezi osalankhulana chifukwa cha zipani. Chapambali mayi wina anayatsa tochi ya foni, n'kumawerenga m'kope lachikuto cholimba maina a osonkha, uyu R100, uyu R50, uyu walonjeza kumapeto kwa mwezi. Kope limenelo ndi limene linachititsa kuti mayi ake a mnyamatayo aone nkhope ya mwana wawo asanamuike. Mukandifunsa kuti utsogoleri ndi chiyani, ine ndimaona tochi ija ndi kope lija. Phindu mukufunsali lili pamenepo.

Koma mkwiyo wa anthu anuwo musautenge ngati chibwana. Ambiri mwa iwo sanavote n'komwe, poti voti ya Malawi imaponyedwa kumudzi, kuno ayi. Komabe zandalezo zimawapeza m'thumba. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, foni zinalira kuno: feteleza wakwera, fizi yakwera, tumizaniko zina pa Mukuru. Munthu wotopa ndi maganyu, woopa apolisi chifukwa pasipoti inatha masiku, amafuna wina womuloza chala. Yemwe ali pafupi ndi mnzake wa pagulu.

Komanso bala ili ndi lakale. Pa zisankho za 1994, kumpoto anavotera Chakufwa Chihana, pakati Kamuzu Banda, kummwera Bakili Muluzi, ndipo kuyambira pamenepo chipani chakhala ngati mfunda. Munthu akanyoza chipani, mnzake amamva ngati anyoza agogo ake. N'chifukwa chake kungolamula kuti "zandale ayi" sikuthandiza. Amangokatsegula gulu lina kuseri n'kumakakambirana za inu.

Mbiri yathu yomweyo ili ndi mbali inanso. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma la Kamuzu pa 8 March 1992, sanasiyidwe okha. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, momwe munakhala Akatolika, a CCAP, Aanglikani, Asilamu, maloya ndi amalonda. Anthu osapemphera pamodzi anagwirizana pa chinthu chimodzi chooneka, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri. Kuno komwe, Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, n'kusonkhanitsa anthu a zinenero zosiyana ndi chake. Anali mlendo ngati inu ndi ine.

Tsono mukakhala pampandopo, choyamba ndi ndalama. Magulu ambiri amene ndawaona akufa, ndale zinali chofunda chabe, pansi pake panali kukayikirana za thumba. Msungichuma achokere mbali imene anthu akuganiza kuti si yanu. Osayinira ndalama akhale atatu. Pamsonkhano uliwonse werengani mokweza zolowa ndi zotuluka, ngakhale zitakhala zochepa bwanji, ndipo kope lizizungulira aliyense aligwire ndi manja ake.

Pa WhatsApp patukani pawiri. Gulu limodzi likhale la zovuta ndi zosonkha basi. Lina asiyireni azikangana za boma mmene angafunire, poti dziko ndi lawo ndipo ali ndi ufulu wolidandaula. Malire akhale amodzi: wonyoza mtundu wa mnzake, kaya chigawo, kaya chipembedzo, atuluke kaye sabata imodzi. Apa ndikupempheni mulimbe mtima. Tsiku limene wolakwa adzakhale wa kwanu, kapena wa mpingo wanu, mudzamutulutse msanga ngati wina aliyense. Gulu lonse lidzakhala likudikira tsiku limenelo kuti likudziweni. Chitenje cha chipani, ngati muli nacho, chizitsala m'sutikesi popita kumsonkhano.

Adzakunenani ndithu. A uku adzati mwagulidwa, a uko adzati mukukondera. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pezani munthu mmodzi wachikulire womupumira mukalemedwa, ndipo uzani gulu poyambirira pomwe kuti mukhala zaka zingati, kuti mpando usakusandutseni mwini gulu.

Mawu anu akuti "ndimagwira ntchito ya m'nyumba" andikhudza. Moto utapsereza nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, kuno ku Joni, pa 31 August 2023, anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Amene anazungulira m'zipatala ndi kumochale ku Diepkloof kufunafuna abale, kuimba mafoni kumudzi usiku, kuthamangira zikalata kwa akazembe, ambiri anali anthu wamba ngati inuyo, opempha tsiku kwa bwana. Palibe anafunsa kuti womwalirayo ankakonda chipani chiti. Anthu anu akukulozani chifukwa anakuonani pa zovuta zotere, amadziwa kuti mumafika.

Musanaitanitse msonkhano woyamba, lembani maina a onse amene asiya kusonkha. Lamlungu likubwerali kwerani takisi mukamuone mmodzi, makamaka uja wolusa kwambiri pagulu. Musakayambe ndi nkhani ya ndalama. Kamufunseni za ana ndi za kumudzi, kenaka mumuuze kuti mukufuna adzakhale nawo powerenga kope. Mukabwerako mundilembere, ndimve kuti wayankha zotani.